Kagalu Kodya Nsalu ndi Sizasi ya a Telala

A Telala anasoka makatani moyo wawo wonse. Madiresi ankawakana, ati thupi la munthu limasinthasintha koma zenera silinenepa. Anali aukhondo wotopetsa. Nsalu ya kasitomala sankaigwira asanasambe m'manja, ndipo mlendo akayetsemula pafupi ndi tebulo lodulira ankamuyang'ana mpaka atuluke yekha. Anali ndi sizasi imodzi yaikulu ya zogwirira zakuda, imene anagula asanakwatire. Sizasiyo sinadulepo tsitsi kapena chikhadabo. Mwana wawo wamkazi anaiyesa pa katoni ali wamng'ono, ndipo mpaka lero akaiona amabisa manja kumbuyo.

Msana utayamba kuvuta anasiya shopu, n'kusamutsira makina m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba. Ana anali atachoka onse. Akazi awo, amene anazolowera phokoso, anabwera tsiku lina ndi kagalu m'dengu.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa a Telala.

"Ndi mwana, abambo. Inu mumacheza ndi makina, nanga ine ndizicheza ndi ndani?"

"Mwana wanji wonunkha ngati chisanza chonyowa?"

Dzina lake sanalitchulepo. Ankangoti "chinthu chanucho".

Kagaluko kanali kakumera mano, ndipo kanayamba ndi masokosi. Kenako chopukutira mbale, ngodya ya pilo, thaulo la alendo. Sikankangong'amba, kankameza. M'mawa a Telala ankaponda chinthu chozizira pakhomo pa bafa, poyang'ana n'kupeza chidendene cha sokosi yawo chabwerera ndi thovu. Mayi anapaka tsabola pa mpendero wa sofa. Kagalu kanayetsemula, kanalira, n'kukayamba mbali inayo. Anakamenya ndi patapata, kanangophunzira kutafunira kuseri kwa kabati.

Apa a Telala analakwa mwautelala. Munthu wosoka sataya chidutswa. Anatola zotsala pansi pa tebulo, anazimanga mfundo ngati mpira, n'kukaponyera kagalu.

"Idya izi, usiye za anthu."

Ankayesa galu amasiyanitsa chotsala ndi nsalu ya ntchito. Kagalu kanangomva kuti chakudya chili m'chipinda chija, ndipo wogawa ndi mwini wake.

Tsiku lina masana, lamba womangira makatani anasowa. Anali awiri, achikasu, osoka kale, koma patebulo panatsala mmodzi. Kagalu kanagona pakona, kakusanza madzi okhaokha, mbale osaiyang'ana.

Dokotala wa ziweto anakasisita pamimba, nati nsalu yaitali ndi yoipa kuposa fupa, chifukwa imakwinya matumbo. A Telala anamva bwino lomwe. Ndi mmene iwo amakwinyira mutu wa katani pokoka ulusi.

"Kakayamba kutulutsa musakoke, mungang'ambe m'kati," anatero dokotala. "Dulani cholendeweracho basi. Ndipo muonetsetse kuti lamba yense watuluka. Kakafooka mubwere nako msanga tikachite opaleshoni, koma kachepa, sindikulonjeza kanthu."

Pofika pakhomo mayi anati, "Munakaphunzitsa ndinu. Kakafa, muzidzacheza ndi makina anuwo mpaka kumanda." A Telala ankawadziwa akazi awo. Sinali nthabwala.

Mayi ankachita nseru ndi zilizonse, choncho ntchito inagwera bambo. Munthu uja wosagwira nsalu asanasambe anayamba kulondola kagalu kuseri kwa nyumba, manja atavala mapulasitiki, mpango uli pamphuno, kamtengo kudzanja. Kakanyonyomala, iwo ankadikira. Kenako ankafukula manyiwo, kutola tizidutswa tachikasu, kutitsuka pampopi, n'kutiyala pathabwa pambali pa lamba wotsala uja. Ntchentche zinawazolowera. Woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda.

"Achimwene, amenewo ndiye makatani a masiku ano?"

"Pitani kumene mukupita."

"Ayi, ndimati ndiuze alamu anu asaode kwa inu."

Tizidutswato sitinafike ngakhale theka la lamba.

Mawa lake kagalu kanayamba kuzungulirazungulira pabwalo kakulira, chinsalu chonyowa chikulendewera kumbuyo, chikukwekwereza m'fumbi. Kankafuna kuchiluma kuti kachikoke. Mayi anakagwira mutu, nkhope atatembenuzira kumbali.

"Sizasi ya kukhitchini ili kuti?" anakuwa a Telala.

"Inathyoka kalekale, munati muikonza! Fulumirani abambo, kandipulumuka!"

Mpeni ukanakoka nsaluyo. A Telala anaima pang'ono, kenako analowa m'chipinda n'kutuluka ndi sizasi ija. Anagwada, anatukula mchira ndi zala ziwiri, nadula kamodzi. Inadula bwino ngati masiku onse. Fungo linawalowa mpaka kukhosi. Analavula, natukwana galu, amake a galu, ndi amene anayambitsa nsalu zachikasu.

Anadulanso madzulo, anadulanso kutacha. Atatsuka ndi kuyala zonse pathabwa, mapeto anakumana ndi mapeto a lamba mnzake, ndi kabowo ka batani komwe.

"Wakwana," anatero.

Mayi anakhala pansi pomwepo. Kagalu kanapita kukanyambita mbale.

Sizasi anaiwiritsa, anaipukuta ndi sipiriti, anaiwiritsanso. Koma atayandikitsa pa nsalu ya kasitomala, dzanja linakana. Lero ili pa msomali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi fosholo. Amadulira ina yogula mumsewu, imene amati imatafuna nsalu ngati galu yemweyo.

Pa chitseko cha chipinda chosokera anaikapo loko. Zotsala zimalowa mu ndowa ya chivundikiro, zochapa zimakhala pamwamba pa kabati. Kagalu anakagulira chotafuna cha labala, ndipo mayi ankakayendetsa mpaka katope. Makatani onse a m'nyumba a Telala anawapinda, analekeza m'chiuno, ndipo sanawamasulenso. Alendo amanong'onezana kuti mkuluyu maso atha, sathanso kuyeza zenera.

Galuyo anakula, nsalu anazisiya. Amagona pakhomo pa chipinda chosokera, akutulutsa dovu pa simenti. A Telala amaima chapatali, mphuno atakwinya.

"Amayi, dzachotseni chinthu chanuchi."

"Chiuzeni nokha, abambo," amayankha mayi ali kukhitchini. "Inu mumachidziwa mpaka kumbuyo."