Noti Yaitali ya mu Kaseti ya Amalume

Mboni zanga ndi zitatu: mlongo wanga Esinati, wogulitsa nsomba pamsika wa Kafue, ba Mudenda, aphunzitsi athu a bandi, ndi amalume Jairosi, amene anamwalira, koma mpaka lero sanatsutsepo nkhaniyi.

Ndikukumbukira kuti pasukulu pathu panali lipenga limodzi, olifuna tili khumi ndi awiri. Ba Mudenda analamula kuti adzalitenga ndi amene aphunzire nyimbo ndi khutu lake, ailembe m'kope, adzaiimbe m'kalasi. Otsalawo azikanyamula ng'oma.

Amalume, a ntchito ya kunjanji, anali ndi kaseti imodzi ya jazi. Anaijambula okha kunyumba ku Nangongwe, atagunditsa chojambulira pa wailesi. Masabata atatu ndinkamvera, kuimitsa, kulemba, n'kubweza tepi ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Ndikulumbira, bolopeniyo inaonda. Poyeserera ndinkaliza paipi ya madzi, mpaka agalu a m'komboni anasamukira kutsidya kwa mtsinje.

Pakati pa nyimboyo panali noti imodzi yaitali, yasasa, yolowa osanena odi. Ndinaijambulira mizere iwiri kunsi.

Ba Mudenda ataona kope anavula magalasi. "Iwe mwana, waimvela iyi noti? Apa woliza lipenga alila kwao. Ni chisoni cha mtundu wonse!" Anaifotokoza pabolodi mpaka choko chinatha.

Tsiku la mpikisano ndinaiuzira notiyo pa lipenga maso ali tong'o. Ndisanamalize, sitima ya katundu inalira kusiteshoni. Noti yomweyo. Kutalika komweko. Esinati, amene ankasuzumira pawindo, anafuula: "Ni sitima iyo! Inapita pamene ba malume benzo jambula!"

Kalasi yonse inagwa pansi ndi phwete. Ine ndinayamba kale kumva lamba wa ng'oma paphewa. Koma chisoni cha mtundu wonse chinali chikadali pabolodi, m'zilembo za aphunzitsi omwe, ndipo mphunzitsi safufuta zake ana akuona. Ba Mudenda anatsokomola, navala magalasi.

"Nanga sitima ilibe chisoni?"

Lipenga anandipatsa ine.

Masiku ano ana amatsitsa nyimbo pafoni, zoyera ngati zochapa ndi sopo, foniyo n'kuwalemberanso manoti. Mwana wanga anandipezera nyimbo ija. Tinamvera limodzi. Pamalo pa noti yanga pali zii.

"Zimya," ndinamuuza. "Mkuluyu amatha ndithu, koma apa waiwala sitima."