Chaka Chimene Ababa Anasiya Kugawa Maswiti

Tsiku la Khirisimasi kwathu kwa Lundu tinkadzuka ndi phokoso la zitini. Dzuwa lisanakwere n'komwe, ana ankakhala atayamba kale kuzungulira m'makomo, wina akumenya chitini cha mafuta ophikira, wina chigubu chobooka, onse akukuwa "Khirisimasi bokosi" ngati eni nyumbawo ndi ogontha. Aliyense ankanyamula kajumbo kake. Pakhomo pena ankatipatsa switi imodzi kuti tigawane anthu asanu ndi atatu, pena bisiketi yofewa kale, pena ankangomasula galu. Kutentha kwa Disembala kuchigwa kuno inu a kumapiri simungakumvetse. Nkhuku za amayi zinkaikira mazira owiritsa kale. Akunena izi ndine Zuze, ndipo amene amandidziwa akuuzani kuti nkhani zanga ndimazithira mchere wambiri.

Pakhomo pathu ndi pamene panali pachimake pa ulendo wonsewo. Ababa ankadula nzimbe kuminda ya kampani, ndipo chaka chilichonse ankabwera kuchokera ku Nchalo ndi thumba la maswiti pakaliyala ya njinga. Ine ndinkauza anzanga kuti thumbalo amanyamula anthu anayi, koma linali lalikulu ngati pilo basi. Ankakhala pampando pansi pa mtengo wa nimu, atavala malaya oyera ositidwa ndi simbi ya makala, ndipo switi siinkatuluka yaulere. Mwana aliyense ankayenera kuvina kaye kapena kuimba. Wamanyazi ankamuuza kuti alire ngati mbuzi. Ababa ankaseka mpaka kutsokomola, fumbi lili koboo pabwalo, amayi akukalipa kuti tikuwathirira dothi mumpunga. Chifukwa cha thumba limenelo ine ndinali kaputeni wa gulu. Sindinkathamanga kuposa anzanga, mpira sindinkautha, koma njira yoyenda ndinkalamula ndine.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi, ababa anayamba ludzu. Ankamwa madzi ngati akuthirira dimba. Thupi linayamba kutha, lamba anamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali, ndipo kuseri kwa nyumba kumene ankataya madzi kunkadzaza nyerere. Kenako chitsa cha nzimbe chinawabaya kuphazi, kachilonda kakang'ono koti ine ndikanangopaka malovu, koma sikanapole. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga. Anabwerako patatha milungu itatu, zala ziwiri za kuphazi atazisiya komweko, ntchito nayo itatha.

M'nyumba munasintha fungo. Munkamveka mankhwala otsukira chilonda, nsalu zowiritsa zimene amayi ankayanika pachingwe, ndi kafungo kena kamene tonse tinkachita ngati sitikukamva. Tiyi tinkamwa wopanda shuga tonse, kuti ababa asamve nsanje. Maso awo nawo anayamba kuchita chifunga. Munthu akamabwera ankayamba kumuzindikira ndi mawu, ndipo tsiku lonse ankangokhala pakhonde kuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi.

Kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ifike, ababa anandituma kuti nditsitse makope anga akale a sukulu. Amayi anatulutsa thumba la masau ouma amene tinatola m'nyengo yozizira, anaswa malambe, anakazinga mtedza m'phale. Ababa ankang'amba pepala, n'kulipinda ngati fanulo, n'kuikamo masau pang'ono, timibulu ta malambe, mtedza wodzaza dzanja, kenako n'kupotokola kukamwa kwake. Ankachita mopapasa, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Kena kakamasuka ankayambiranso.

"Ababa, nanga maswiti abwera liti?" ndinafunsa.

"Sabwera. Mwana wa munthu sindimupatsanso chinthu chimene chandidya phazi. Izi zimalimbitsa thupi. Iwe wakula ndi chiyani?"

"Koma masau ngakhale mbuzi zimadya aulere."

"Ndiye unaonapo mbuzi ili pamzere kuchipatala?"

Amayi anaseka, ine sindinaseke. Kwathu masau ndi malambe ndi zimene timatafuna chakudya chikavuta, pamodzi ndi nyika, timizu ta m'dambo. Kupatsa mwana zimenezo pa Khirisimasi kunali ngati kumuuza kuti njala yafika msanga. Ndinkaona kale Jowakimu, mnzanga wapakamwa pakuthwa, akutsegula kapepala kokhala ndi masamu anga olakwa, n'kupeza masau. Akanandiimba nyimbo mpaka ndikwatire.

Tsikulo litafika tinakumana pamjigo monga mwa nthawi zonse, ana oposa makumi awiri, ena atadzola mafuta mpaka kuwala. Jowakimu anamenya chitini n'kunena kuti, "Kaputeni, tiyambire kwanu, tisanathe mphamvu zovinira."

Ndikanatha kunena kuti ababa agona. Ndikanatha kunena kuti chaka chino kulibe kanthu. Koma pakamwa panga sipanazolowere nkhani yaing'ono. Ndinatsitsa mawu, onse anasendera pafupi, ndipo ndinawauza kuti adokotala aletsa. Ndinati matenda a ababa amayenda m'manja, aliyense wodya chimene agwira zala zake zimayamba kugwa chimodzichimodzi, kuyambira chaching'ono. Ndinati galu wa aneba ananyambita mbale yawo ndipo mchira unathothoka usiku womwewo. Galuyo anabadwa wopanda mchira, tonse tinkadziwa, koma palibe anakumbukira.

"Nanga iweyo bwanji zako zilipo?" anafunsa Jowakimu akuyang'ana mapazi anga.

"Ine anandibaya jakisoni wotalika chonchi," ndinatambasula manja.

Tinayambira kwina. Tinazungulira mudzi wonse dzuwa likutiwotcha m'mutu, ndipo cha m'ma leveni njira inatidutsitsa kuseri kwa mpanda wathu wa nkhadze. Anzanga anasiya kuimba, ena anatseka pakamwa ndi malaya. Ine ndinasuzumira pampata. Ababa anali pampando wawo pansi pa nimu, malaya oyera aja atavala, phazi lomangidwa lili pakampando, lichero la timapepala lili pamiyendo. Amayi anali atasesa pabwalo n'kuwazapo madzi kuti pasachite fumbi ana akamavina. Ababa anali atamva zitini zikuyandikira. Anawongoka, anakonza kolala, nkhope ataloza kunjira. Kenako zitini zinayambanso kulira patali, kutsogolo, ndipo iwo anakhalabe choncho, khutu lili tcheru.

Ndinabwerera kunyumba masana, kajumbo kali ndi maswiti asanu ndi awiri osungunuka, lilime lili lofiira. Lichero linali lodzaza monga ndinalisiyira. Mthunzi unali utasuntha koma mpando sunasunthe, ndipo malaya aja anali atamatirira kumsana ndi thukuta.

"Zuze, ana a mudzi uno asamuka?"

"Abusa aletsa, ababa. Akuti kupemphetsa n'tchimo."

"Oo. Ndiye zitini zija amamenya ndi abusawo?"

Anapapasa m'lichero, n'kutenga kapepala kamodzi, n'kundipatsa. Sanandiuze kuti ndivine. Ndinati "takhuta" monga ankathokozera agogo anga a ku Mutarara, ndipo ndinakadyera kuseri kwa khola. Malambe anali owawasa bwino, mtedza unali ndi kamchere. Zinali zokoma, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri.

Ine ndinkaganiza kuti bodzalo litha ndi tsikulo, monga mabodza anga ena onse. Koma ana anakauza amayi awo, amayi awo anakauzana kudimba. Pofika sabata yotsatira mayi amene ankabwereka sefa yathu tsiku lililonse anagula yake. A kumpingo atabwera kudzaona wodwala anakhala kumapeto kwa mphasa, ndipo amayi atawapatsa madzi m'kapu, aliyense anati wangomwa kumene, kunja kukutentha choncho. Mnzawo wa ababa wa kuminda ya nzimbe anawapatsa moni manja ali m'thumba. Nkhani inali itakula yokha popanda ine. Ena ankati zala zagwa zonse, ena ankati amayinso ayamba.

Amayi anamva gwero lake pamjigo, kwa amake Jowakimu. Anabwera ndowa ili theka, anaitula, n'kuthyola nthambi ya nimu. Ndinathawira kumbuyo kwa mpando wa ababa.

"Musiyeni, amake Zuze," anatero ababa. Kenako anatembenuzira mutu kwa ine. "Akuti nkhani yako yafika mpaka ku Bangula. Yayenda bwino. Ine mwini phazi sindifika ndi pamjigo pomwe."

Ananena moseka, koma amayi analowa m'nyumba ndipo ndinamva akufwenthera. Ndikanakonda akanandikwapula.

Pa Nyuwere ana amazunguliranso m'makomo, ndiye ndinaganiza zokonza. Ndinaima pamjigo paja n'kuwauza kuti zonse zija ndinapeka, shuga sapatsirana, galu uja anabadwa choncho. Ndinalumbira, ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba. Ndinavula patapata kuti awerenge zala zanga. Jowakimu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi ako akukwapula, eti? Ndiye akutuma udzatinamize." Onse anaseka. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndikunena zoona popanda kuwonjezera kanthu, ndipo zinamveka zosakoma ngakhale kwa ine ndemwe. Gulu linatsatira Jowakimu. Ine ndinabwerera ndekha ndi chitini changa, ndinaima pabwalo n'kuyamba kumenya, ndinavina pang'ono. Ababa anaomba m'manja kawiri katatu, n'kunena kuti mutu ukuwawawa.

Mvula inabwera yamphamvu mwezi umenewo. M'nyumba munachita chinyontho, timapepala tinafewa, inki ya masamu anga inalowerera mumtedza, ndipo masau anachita nkhungu. Amayi anakakhuthulira mbuzi ababa ali mtulo. Chilonda chinakwera mwendo. Ababa anamwalira mu Malichi, Shire atadzaza mpaka m'minda, ndipo pamaliro anthu anabwera ambiri, anadya ndi kumwa m'mbale zathu zomwezo. Mwina anali ataiwala, mwina ankaona kuti matenda apita ndi mwini wake.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndikubisa manyazi a pakhomo pathu, kuti anthu asadziwe kuti kwa kaputeni kwatsala masau. Ndinkaganizanso kuti ababa angouma mtima ndi malangizo a kuchipatala. Pano ndili ndi mwana wanga, ndipo ndikudziwa mmene ana alili. Akanadandaula pang'ono, Jowakimu akanandiseka masiku awiri, koma akanavina, akanatafuna, n'kulavula nthanga pabwalo ponse. Ababa ntchito inali itawathera, maso akuzima, anzawo akuchepa. Chimene chinatsala choti angachite ndi manja awo chinali kupinda timapepala tija, ndipo anapinda masiku atatu, kuti ana a anthu ena adye chinthu chosawapweteka. Ankangofuna tsiku limodzi loti pabwalo pakhale anthu.