Tsiku Limene Ndinakhoza Mafunso a ku Sikelo

Mwana wanga atakwanitsa masabata asanu ndi limodzi ndinapita naye ku sikelo ku Kabwata. Apongozi anandiperekeza. Anabwera kuchokera kumudzi kudzandithandiza, koma chimanga chinali kuwadikira kumunda. Ankati akangomva kwa anesi kuti ndili bwino, akwera basi.

Ine sindinali bwino. Ndinkaopa beseni. Ndikathiramo madzi osambitsira mwana, m'mutu ndinkaona ndamutaya m'madzimo, akumira, ine ndikungoyang'ana. Ndiye ankamusambitsa ndi apongozi, ine n'kumanamizira msana.

Pa benchi, mayi wina wa ana anayi anatinong'oneza ife oyamba kubereka.

"Mkatimo muli pepala la mafunso. Akati mumalira, muziti ayi. Akati mumaseka, muziti kwambiri. Mukalakwa akutsekerani ndi amisala, kamwanako muzikaonera pawindo."

"N'zoona zimenezo, ba mayi?" anafunsa wina.

"Kayeseni, mudzatiuza."

Anthu anaseka. Ine ndinaloweza mayankhowo monga tinkachitira mu giredi seveni, mayeso amene ndinalephera.

Nditalowa ndinapeza anesi, ba sista otopa koma aulemu. Ankawerenga m'Chingelezi n'kumamasulira, chitseko chili chotsegula, apongozi ali pambali panga mwana ali pamiyendo.

"Mumachita mantha popanda chifukwa?"

"Ayi."

"Mumalira?"

"Awa? Alirenji, akudya bwino chonchi?" anayankha apongozi.

Ndinadikira funso la beseni. Mwina limenelo ndikanavomera, kaya. Panalibe. Ba sista anawonkhetsa manambala, kenako anandiyang'ana kanthawi, cholembera chili m'mwamba. Wina anasuzumira pakhomo kufunsa ngati tatha.

"Muli bwino, amake mwana. Wotsatira."

M'mawa mwake apongozi ananyamuka. Beseni anandisiyira pakhomo, sopo ali mkati.

"Madzi muziyesa ndi chigongono, mwamva?"

"Ndamva, amayi."

Tsikulo ndinangomupukuta mwana ndi kansalu konyowa, pabedi. Lotsatira chimodzimodzi. Beseni ndinakalivundikira kuseri kwa nyumba, n'kusanjikapo njerwa.

Tsiku lachinayi bambo ake a mwana, atavala kale zopita kuntchito ku Kamwala, anamunyamula n'kumununkhiza m'khosi. Anamugonekanso pabedi. Anatuluka. Ndinamva njerwa ija ikugwa pansi, kenako mpopi. Analowa nalo beseni lili tho, n'kuliika pamapazi panga.

"Ku sikelo anati wachira. Msambitse, ine ndachedwa."

Ndinamva geti likutsekeka. Madzi anali akugwedezekabe.