Mayi Enala Chisale ndi Chifuwa Chosamva Mankhwala

Sabata yatha tinaika m'manda Mayi Enala Chisale a ku komboni ya Maglas, ndipo akomiti ya mpingo wathu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo. Ndilemba, koma ndisabise: ndikulemba ndili ndi mkwiyo, ndipo ambiri a ife mumpingo muno nkhaniyi itiwawa.

Mayi Enala anabadwira m'komboni ya mgodi kuno ku Zvishavane mu 1953. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito. Mayiwa anabatizidwa ali wakhanda, ndipo analowa Mvano atangokwatiwa ndi a Frazer Chisale. Amuna awowo atamwalira, anatsala ndi mwana mmodzi, Nehemiya, amene anamulera pogulitsa tomato pamsika. Pamaliro paliponse iwo ndiwo ankayamba kufika, ndiponso ndiwo ankatsalira kusesa m'nyumba anthu atabalalika.

Pakusesapo ndi pamene panayambira tsoka. Mapiritsi amene womwalira wasiya iwo sankataya. Ankati kutaya mankhwala ena akudwala n'tchimo. Ankawasunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo aliyense wotsokomola ankamugawirako awiri atatu. Ndani wa ife sanatambasulepo dzanja pachitini chimenecho? Tinkachita kuwatama kuti ndi dokotala wa Mvano.

Ntchito zitatha pamgodi, Nehemiya anapita ku Joni, kusiya mwana wake Leticia m'manja mwa agogo ake. Kumeneko anadwala TB, nayamba kumwa mankhwala. Asanamalize, apolisi anamugwira kuti alibe mapepala, n'kumukweza lole mpaka kumalire ngati thumba la makala, wopanda khadi la kuchipatala, wopanda piritsi ngakhale limodzi. Anzathu Achishona akadwala amapita kumusha, kumudzi kwawo. Ife ana a Amalawi, musha wathu ndi uti? Nehemiya anabwerera m'kachipinda kamodzi ka amayi ake, kugona pafupi ndi mwana wake. Amayi ake anatsegula chitini chija. Chifuwa chinkaleka, n'kubweranso mwaukali, mpaka anamwalira mu 2017. Pasanathe miyezi itatu, Leticia, wa zaka khumi ndi zinayi, anayamba kutsokomola.

Kuchipatala, nesi wina dzina lake Paidamoyo atamuyeza mwanayo anati, "Gogo, TB iyi haichanzwi mushonga. Siikumva mankhwala. Bambo ake ankamwa chiyani?"

Mayi Enala anafotokoza za chitini.

"Maiwe, gogo!" anatero nesiyo. "Mankhwala omwa moduladula ndiwo amalimbitsa tizilombo. Kaya tinalimbira ku Joni, kaya kuno, hatizivi, sitikudziwa. Koma mwana uyu akamadumpha masiku, timutaya."

Mayi Enala sanadziikire kumbuyo. Lamlungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi. "Abale anga," anatero, "ndinkayesa ndikuthandiza, chonsecho ndinkadyetsa matenda. Amene muli ndi chitini ngati changa, kachisiyeni kuchipatala."

Ndiye ife tinatani? Tinawathawa pabenchi. Amayi omwe aja ankadzapempha mapiritsi anayamba kunong'onezana kuti mayiyu anapha mwana wake. Anawaletsa kugwira mphika pamaliro. Akulu ampingo, inenso ndili momwemo, tinangoonerera. Palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukachita nawo pemphero, ngakhale kungoima pakhomo. Zimenezi ndi zamanyazi, ndipo tileke kuzitcha kuopa matenda.

Kwa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, m'mawa uliwonse, kaya dzuwa kaya mvula, mayi ameneyu ankaperekeza mdzukulu wake kuchipatala. Ankaima pambali pake mpaka piritsi lomaliza litamezedwa. Majakisoni anamugonthetsa mwanayo khutu limodzi, mapiritsi ankamusanzitsa. Tsiku lina Leticia anangokhala pansi m'mbali mwa msewu.

"Agogo, ndaneta ini, ndatopa," anatero akulira. "Ndisiyeni nditsatire adadi."

"Bambo ako dzenje ndinawakumbira ndine, chifukwa cha kusadziwa," anayankha Mayi Enala. "Lako sindikumba. Dzuka."

Mwanayo atalephera kudzuka, agogowo anamubereka kumbuyo, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, ife tikudutsa m'makombi, maminibasi akuno, n'kumayang'ana kumbali. Ndipo Lamlungu lililonse ankabwerabe, atavala yunifolomu yawo yoyera, n'kukhala okha pabenchi lakumbuyo.

Mwezi watha mtima wawo unafooka, sanathenso kudzuka. Leticia anapita yekha kukamva zotsatira zomaliza, ndipo anabwerako masana akuthamanga.

"Agogo, ati ndapora, ndachira! M'chifuwa mulibe kanthu!"

"Papepalapo ine sindiona," anatero iwo. "Imba ndimve."

Leticia anaimba nyimbo ya Mvano, ndime zonse zinayi, osatsokomola ngakhale kamodzi.

"Basi, Ambuye, ndamva," anatero Mayi Enala. Anatsinzina, ndipo dzuwa lisanalowe anatisiya mwamtendere.

Chitsanzo chimene atisiyira si cha m'buku ayi. Ndi mtsikana amene akupuma lero. Pamaliro tinadzaza bwalo, mayunifolomu kuti mbee, tikulimbirana kunyamula bokosi la mayi amene tinamuthawa ali moyo. Kumanda Leticia anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti, "Nanga imi mese, inu nonse, masiku onse aja munali kuti?"