Zelesi ndi Jakisoni wa Anamapopa

Zelesi wathu wa ku Nzama sanali womva za anthu. Kachewere ankalima yekha, matumba ankakweza yekha panjinga. Bere lakumanzere litatuluka chotupa, kuchipatala anapitanso yekha.

Anati ndi khansa. Bere analichotsa ku Blantyre, koma nthenda inabwerera. Adokotala anamuuza za mankhwala amene ankayesedwa, ati mapeputaidi, tizinthu ting'onoting'ono tolowa ndi jakisoni n'kumasaka chotupa chokha ngati galu pa una wa mbewa. Kuchira sanamulonjeze.

"Mwana wanga Rute ndi woyembekezera. Mdzukulu ndimuona?" anafunsa Zelesi.

Adokotala anati sakudziwa.

"Bayani."

Dzina lija pofika kumudzi linali litapindika. Mapeputaidi anasanduka mapopa, mapopa n'kukhala anamapopa. Achimwene ake, a Gibson, anabwera akupuma moto.

"Mlongo, wagulitsa magazi kwa anamapopa? Nthenda imeneyi sifuna jakisoni, ufa msanga!"

"Achimwene, magazi ake ati? Onse anathera m'munda muja munkati mubwera kudzandithandiza."

"Ukapitanso, pamaliro ako sindidzaponda."

"Mudzabwera. Pophikidwa nyama inu simusowa."

Anapitabe. Ankabwerako akusanza, atauma ngati phesi. Akafika pamjigo, azimayi ankasuntha ndowa zawo. Iye n'kupinda dzanja la bulauzi: "Pobaya ndi apa! Yandikirani, mupopedwe nanu!"

Mvula isanagwe, Rute anachira, mwana wamkazi. Tsiku lomutulutsa m'chikuta, Zelesi anali woyendera ndodo. Anati amubereketse khandalo. Azimayi anakana, ati agwa naye. Anatenga chitenje yekha, n'kumanga mfundo pachifuwa pomwe panali bere paja. Ndodo anaitaya. Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, khanda lili kumsana, mpaka anaima pamaso pa a Gibson.

"Achimwene, wakufa wanu uja ndi uyu. Moni simupereka?"

A Gibson anangovula chipewa.

Zelesi anatisiya dzinja lathali. Ena mpaka lero amati chinamupha ndi jakisoni. Anene, pakamwa ndi pawo. Mdzukulu anamuona, anamubereka, dzina loti Atikonda anapereka yekha. Pamaliro a Gibson anabweradi, koma nyama sanaikhudze. Anakhala kuseri kwa nyumba, Atikonda ali pamiyendo, atamufunditsa chitenje chomwe chija.