Anatseka gulupu tsiku limene Rozita anagwa

Andichotsa mu gulupu. Mlandu wanga ndi woti ndinafotokoza zimene zinachitika tsiku limene mwana wanga anatsala pang'ono kufera kumsana kwanga. Poti kumeneko anditseka pakamwa, ndilemba pano pa tsamba langa, pakhomo panga. Wofuna kufufuta abwere ayese.

Kwa amene simundidziwa, ndine mayi ake a Rozita, ndimakhala ku Chidzolomondo. Rozita ali kalasi yachitatu, ndipo amadwala khunyu kuyambira ali wamng'ono. Gulupu ndikunenayi ndi ya pafoni, ya makolo a ana odwala matendawa, a kuno ku Macanga ndi a ku Tsangano. Dzina lake sinditchula. Eni ake akudzidziwa.

Sindinama, gulupuyi inandithandiza. Anaiyambitsa ndi mayi Alineti, mlimi ngati ine ndemwe, amene mwana wawonso amagwa. M'menemo ndi momwe ndinaphunzira kuti mwana akagwa sumuika supuni m'kamwa, umamugoneka cham'mbali. M'menemo ndi momwe ndinamva koyamba kuti matendawa sapatsirana, pamene kumudzi anthu ankathawa mwana wanga ati mpweya wake ungawagwire. Tinkatumizirana maawudiyo, wina akulira, wina akuseka, nkhuku zikumveka kumbuyo. Lamulo linali limodzi basi: mnzako akalira, amene uli pafupi thamanga.

Kenako maso a mayi Alineti anayamba kuvuta, ndiye anasiyira udindo a Dona Benvinda a ku Furancungo. Munthu wa muofesi, wodziwa kulemba. Tinakondwa. Posakhalitsa a Dona anapita ku seminaliyo, maphunziro a masiku ochepa, ku Tete, n'kubwerako ndi chinthu chotchedwa valores. Ati ndi mfundo zimene gulu lililonse lolongosoka limayendera.

Maawudiyo analetsa, ati amasokosera. Theka la amayi mu gulupu muja sadziwa kulemba, koma zimenezo ku seminaliyo sanakambe. Uthenga uliwonse uziyamba ndi moni. Nkhani zofooketsa ena ayi. Ndipo Lachisanu lililonse gulupu izitsekedwa, olemba akhale iwo okha, kuti atiphunzitse bwino valores popanda wowadula mawu.

Bambo wina wa ku Tsangano anafunsa kuti, "Nanga mwana akagwa Lachisanu?" A Dona anayankha kuti, "Irmão, m'bale wanga, tisamaitane zoipa ndi pakamwa pathu."

Ndiye Lachisanu lija linafika. Bambo ake a Rozita anali atapita kumaliro ku Ntengo-Wambalame. Rozita anadzuka thupi likutentha, sanapite kusukulu. Ine ndinali m'chigafa kusoka fodya pamene ndinamva apongozi anga akundiitana ndi mawu amene ndimawadziwa. Ndinamupeza Rozita pakhomo pa khitchini akuphupha. Ndinamugoneka cham'mbali n'kudikira. Masiku onse zimatha madzi a tiyi asanawire. Tsiku limeneli sizinathe. Anangoleka pang'ono, osatsegula maso, n'kuyambiranso. Analekanso, n'kuyambiranso. Milomo inayamba kuda.

Zoterezi tinaphunzitsana kale mu gulupu momwemo: zikamabwereza mwana asanatsitsimuke, usadikire, pita kuchipatala. Koma ku Furancungo si kuseri kwa nyumba. Pamafunika mota, njinga yamoto.

Kwathu rede, netiweki ya foni, imagwira pa chulu cha kuseri kwa chigafa basi. Ndinasiya mwana m'manja mwa apongozi, ndinakwera chulu chija, ndinatsegula gulupu. Pamalo polembera panalibe polembera. Panali mawu akuti amene angatumize uthenga ndi a adimini okha. Pamwamba pake panali chithunzi cha maluwa chimene a Dona anali atangotumiza kumene, ndi zilembo zikuluzikulu: VALOR WA LERO, KUMVETSERA MNZAKO.

Saldo, ndalama yoimbira foni, ndinalibe, ndinali ndi mamega a intaneti okha. Mwamuna mmodzi wa mu gulupu amene ndinkadziwa kuti ali ndi mota ndinamulembera kumbali, koma uthenga sunamufike, anali kumunda. Ena onse mufoni mwanga amangooneka manambala. Ndikanadziwa bwanji amene ali pafupi? Ntchito ya gulupu ndi imeneyotu. Umakuwa kamodzi, onse n'kumva.

Ndinatumiza awudiyo kwa a Dona, kumbali. Ndinkalira, sindibisa. Yankho linabwera msanga, kusonyeza kuti foni inali m'manja.

"Irmã, mukudziwa kuti maawudiyo sitilandira. Lembani."

Munayesapo kulemba, kumbuyo apongozi akukuwa dzina la mwana wanu? Ndinalemba kuti, "Tsegulani gulupu mwana akufa ndikufuna mota."

Yankho lake ndili nalobe mufoni, wokayika abwere adzawerenge yekha.

"Bom dia, irmã. Tisaiwale ulemu ngakhale tili pa mavuto. Lero ndi tsiku la valores, gulupu titsegula mawa. Mulungu ali nanu." Pansi pake anaika kachithunzi ka manja opemphera.

Mukudziwa zimene ndinachita? Ndinapereka moni. Ine, nditaima pa chulu, mwana akuthima, ndinalemba kuti, "Bom dia Dona, mwadzuka bwanji, chonde ndithandizeni." Ndinawapempha kuti ngati kutsegula kukuvuta, alembe okha mu gulupu mzere umodzi: wa mota amene ali pafupi ndi mudzi wakuti athamange. Chala chimodzi, ntchito yatha.

Ati uthenga wotere ungaopseze amayi ena. Ati akambirana kaye ndi komisau, komiti ya gulupu. Komisau yake iti? Tonse tikudziwa kuti komisau ndi iwowo ndi msuweni wawo amene amawatsitsira zithunzi za maluwa.

Ndinatsika pa chulu. Rozita si khanda, koma ndinamubereka ndi nsalu ziwiri, miyendo yake ikundimenya m'mawondo. Apongozi ankatsatira pambuyo atagwira mutu wake kuti usamagwedezeke. Mayi wachikulire, wopanda nsapato, akuthamanga m'mizere ya chimanga. Rozita zinamugwiranso ali kumsana. Ndinamva thupi lake likuuma ngati mtengo, kenako mkodzo wotentha ukutsika m'miyendo mwanga. Sindinaime. Ndinkangomuitana dzina kuti adziwe kuti ndilipo.

Amene anatithandiza ndi bambo wina wa ngolo amene ankatuta chimanga. Sindimudziwa dzina. Sanandifunse moni. Anangotsitsa matumba awiri pansi n'kunena kuti, "Mugonekeni apa, mayi." Ng'ombe zinatifikitsa kumsewu waukulu. Kumeneko tinadikira chapa, minibasi yonyamula anthu, ndipo itabwera inali yodzaza, koma anyamata awiri anatsika okha kuti tikwere. Sindikudziwa ngati anthu amenewa anapitako ku seminaliyo.

Tinafika ku Furancungo dzuwa litapendeka. A kuchipatala ndilibe nawo mawu. Anathamanga, anamubaya jekeseni, kuphupha kunaleka. Namwino wina atamaliza anandiyang'ana n'kundifunsa mofatsa kuti, "Munachedwa kuti, mamã? Kwanu kulibe mota?" Ndikanati chiyani? Kuti ndimapereka moni?

M'mawa mwake gulupu inatsegulidwa. Kuchipatala rede ndi yabwino, ndiye foni inkangolira. Bom dia família. Bom dia família. Zikomo Dona chifukwa cha phunziro ladzulo. Rozita ali gone pabedi, sanalankhule chilichonse chiyambire dzulo lake.

Ndinalemba zonse. Ndinayamba ndi moni, kuti asapeze pogwira. Sindinatukwane munthu. Ndinangofotokoza mmene ndafotokozera pano, n'kufunsa kuti zoterezi zikadzagwera wina tidzatani. Ndisanamalize kumwa madzi, uthenga wanga unali utafufutidwa.

Koma mayi wina anali atawerenga kale. Dzina lake ndi Esinala, sitinaonanepo, mufoni mwanga anali nambala chabe. Anandiimbira pa saldo yake. Poyamba sindinkamva zimene ankanena chifukwa cha kulira.

"Mayi a Rozita, inetu dzulo ndinali pachigayo cha kutsidya kwa mtsinje wanu. Ndinabwera ndi achimwene anga pa mota. Tinakhala pamzere m'mawa wonse. Foni inali m'manja mwanga, ndimawerenga zamaluwa zija. Mukanangoti kho kamodzi, tikanafika musanamange n'komwe nsalu."

Chigayo chimenecho ndikaima pa chulu ndimachiona denga. Phokoso lake limamveka pakhomo panga.

Pamenepo ndi pamene mkwiyo unandigwira. Dzulo lake ndinali ndi mantha okha. Koma nditamva kuti mota inali kutsidya, mwini wake atakhala pa thumba la chimanga kudikira mzere, ndinatuluka panja pa chipatala n'kukakhala pansi pa mtengo, chifukwa ndinkaopa kuti ndikuwa m'chipinda cha odwala.

A Dona amakhala ku Furancungo komweko. Masiku onse amene tinagona m'chipatala sanabwere. Munthu wa valor wa chikondi, valor wa umodzi, valor wa kumvetsera. Chimene chinabwera ndi uthenga. Ati ndaphwanya umodzi wa gulu poika mtsogoleri pa mbalambanda. Ati nkhani yanga ndikanaitumiza kwa komisau mwa ndondomeko. Ati andichotsa kaye kuti ndikalingalire, ndipo ndikapepesa pamaso pa onse adzandibwezeramo, chifukwa kukhululuka ndi valor inanso.

Ndipepese chiyani, Dona? Kuti mwana wanga sanayang'ane kalendala asanagwe?

Esinala anafunsa mu gulupu chifukwa chimene andichotsera. Anamuchotsanso. Bambo wa ku Tsangano uja analemba kuti, "Paja ndinafunsa." Nayenso kunja. Otsalawo ali chete, ndipo sindikuwada. Mu gulupu muja ndi momwe anthu amamvera kuti mankhwala afika kuchipatala, kuti usayende ulendo wonse uja pachabe. Mayi wa mwana wodwala sangataye zimenezo chifukwa cha ine. Ndiye amalemba Amen, n'kumandilembera kumbali kuti pepani. A Dona akudziwa bwino lomwe kuti anthu alibe kwina kopita, n'chifukwa chake saopa.

Nditatuluka m'chipatala ndinapita kukaona mayi Alineti. Anali asanamve chilichonse, poti maawudiyo ataletsedwa iwo anasiya kutsatira, maso sawalola kuwerenga tizilembo ta pafoni. Taganizani, mwini wake woyambitsa gulupu anatsekeredwa kunja ndi lamulo la mu gulupu yake yomwe. Ndinawawerengera mauthenga onse. Nditamaliza anati, "Ine ndinawapatsa kuti azisunga anthu. Sindinadziwe kuti azisunga gulupu."

Tsono ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho pagulu, osati kumbali. Ndani anakupatsani mphamvu yotseka pakamwa makolo a ana odwala tsiku lathunthu sabata iliyonse? Tinavota liti? Amayi osadziwa kulemba aja, amene munawaletsa kulankhula, mukuti mavuto awo anatha kapena munangosiya kuwamva? Ngati nkhani ya mwana amene akufa ndi yofooketsa, ndiye gulupu ya makolo a ana odwala izikamba za chiyani? Mtengo wa feteleza? Ndipo Lachisanu likubwerali mutsekanso?

Inu amene mudakali m'menemo, musatuluke chifukwa cha ine, koma musagone. Funsanani mayina ndi midzi. Dziwani amene ali ndi mota kufupi ndi kwanu, musunge nambala yake ndi dzina, lero lomwe. Musamalize saldo yonse kugula mamega. Amene muli m'magulupu ena, a matenda ena, a amayi oyembekezera, a chilichonse, funsani adimini wanu funso limodzi: tsiku limene ndidzakuwe, adzandimve ndani? Akakuyankhani ndi chithunzi cha maluwa, mwadziwiratu.

Rozita ali moyo, ndikuthokoza Mulungu ndi anthu a m'njira aja. Akulankhula, akudya. Koma dzanja lake lamanja silinabwerere. Limangolendewera. A kuchipatala akuti mwina lidzalimba, mwina ayi, tizimuchititsa zolimbitsa thupi n'kumadikira. Kusukulu sanabwerere, chifukwa pensulo ikumugwa.

Dzulo m'mawa anati avala yekha diresi ya kutchalitchi. Analimbana ndi mabatani nthawi yaitali ndi dzanja limodzi, osafuna kuti ndimuthandize. Atalephera anakhala pamphasa, ananyamula dzanja lija ndi linzake n'kuliika pamwendo, n'kundifunsa kuti, "Amayi, limeneli lidzuka liti?"

A Dona Benvinda, inu ndinu odziwa kusankha mawu osafooketsa. Nditumizireni oti ndimuuze.