Makadi a ukwati m'sabata ya chiperoni

Ndinalonjeza pamaso pa ankhoswe onse kuti makadi a ukwati wa mwana wanga wamkazi ndipanga ndekha ndi manja. Asewere anga, bambo a mnyamatayo, ankafuna onyezimira aja a pamakina ku Limbe. Atanena kachitatu ndinapsa mtima.

"Mwana ndi wanga, makadinso ndi anga," ndinatero.

"Chabwino asewere. Loweruka afike kwathu ku Kanjedza, Lamulungu tikagawe kutchalitchi."

Pepala ndimalidziwa. Ndimaviika mapepala otayidwa m'maofesi, kusinja mumtondo pamodzi ndi luzi la nthochi, kuwola phalalo ndi sefa, n'kuyanika. Kutukumula maluwa ndimathanso: pepala ndimaligoneka pakatoni yomwe ndadulamo duwa, n'kumalikanda kumbuyo ndi bolopeni yotha inki mpaka duwalo litatukumuka kutsogolo. Chimene ndinali ndisanachitepo n'kupaka utoto wa madzi paduwa lotero. Mwanayo ndiye anapempha kuti maluwa akhale ofiirira ngati madiresi a operekeza.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinatukumula mulu wonse. Lachitatu ndinaviika burashi n'kupaka onse motsatizana, osayesa ndi limodzi lomwe, ndikuyala pamphasa pabalaza. Pobwerera ku khadi loyamba ndinapeza duwa lagona. Khadi lachiwiri chimodzimodzi. Pepala lopanga pamanja limamwa madzi ngati chigamba, ndipo likamwa limaiwala zonse zimene unalikanda. Panangotsala mabanga ofiirira pamapepala opindikapindika.

Ndinamenya tebulo, kapu ya utoto n'kugwa. Mayi a kunyumba anatuluka m'khitchini.

"Kodi mwamenyananso ndi pepala, bambo?"

"Inu musandiyambe!"

Ndinazindikira mochedwa kuti utoto umayamba, pepala liume, kutukumula kubwere pomaliza. Mapepala ena osagwiritsa ndinali nawo, koma ochepa. Lachinayi m'mawa ndinawapaka. Nthawi yomweyo chiperoni chinatsika, phiri la Soche osaoneka, kamvula kosatha kaja kakungowaza. Ndinkagwira pepala mphindi iliyonse, lozizira ngati mphuno ya galu. Ndinkangoona nkhope ya asewere, kumwetulira kwawo kwaulemu kuja, n'kumadzifunsa kuti ndikanena chiyani pakhomo pawo.

Masana mwanayo anaimba foni ali kuntchito m'tauni.

"Adadi, makadi aja?"

"Ali bwino."

"Munditumizire chithunzi ndione."

"Ukawaona ndi maso. Usandisokoneze."

Ndinadula foni.

Lachisanu mayi anabwera ndi simbi ya makala. Ndinawakalipira kuti aphwetsa maluwa.

"Maluwa ake ati? Mwatukumula kale ngati? Tasunthani."

Ananena zoona, ndipo zinandinyansa. Anaika pepala lililonse pakati pa chitenje n'kusita pang'onopang'ono, ine ndikulandira ndi kukanda. Pepala lofunda, lotsala kachinyezi pang'ono, linkamvera bolopeni kuposa louma gwa, duwa n'kumatuluka lakuthwa m'mbali. Koma limodzi linkadya nthawi, ndipo ndikafulumira linkabooka. Atatu ndinabooladi. Chala chinatupa. Sitinalankhulane tsiku lonse kupatula "kwayani" ndi "lina".

Loweruka ndinakwera minibasi ku Chimwankhunda makadi ali m'jumbo, jumboyo m'kati mwa jekete. Kondakitala atandipanikiza kuti tikhale anayi ndinamukalipira mpaka anthu anatembenuka.

Asewere ananditengera pabalaza. Anasolola khadi limodzi, kuliyendetsa chala paduwa, kulitembenuza, kulinunkhiza. Sananene kuti n'lokongola. Anaitana akazi awo kuti adzakhudze. Kenako anayeza mulu m'dzanja.

"Koma asewere, awa si theka?"

M'minibasi ndinali nditakonza zonamizira chiperoni. Koma ndinangoti:

"Enawo ndinawononga ndekha. Ndinapaka utoto nthawi yolakwika."

Chala chikadali paduwa, anafunsa:

"Ndiye tigawa bwanji?"

"Onsewa apite kwa abale anu ndi kutchalitchi. Anga ndikawaitana pakamwa."

Anati tigawane pakati. Ndinakana, mwaukali kuposa mmene zinafunikira. Sabata yotsatira ndinayenda Chirimba yense, kumene kuli abale anga, khomo ndi khomo, wopanda kanthu m'manja, ndipo pakhomo lililonse ndinkayamba ndafotokoza chifukwa chake ine wopanga makadi ndabwera wopanda khadi. Achemwali anga anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati mpando kuukwatiko ukhalepo kapena abwere ndi wawo.